Kutsatira galu woluma: zolemba za momwe ntchito yophunzitsa alangizi a ziweto ikuyendera ku Blantyre

Zolemba izi ndimalemba ndikaweruka, nthawi zina pafoni ndili m'minibasi yochokera ku Limbe, choncho zina ndi zazitali, zina ndi mizere ingapo basi. Ntchito yake ndi yophunzitsa alangizi a ziweto a mumzinda uno ndi madera ozungulira kuti galu akaluma munthu asamamve nkhaniyo pamaliro, koma azimutsatira galuyo, azimuyang'anira, ndipo ngati wafa azitenga kachidutswa ka ubongo wake n'kuyeza ngati anali ndi chiwewe. Aphunzitsi ena ndi athu omwe, ena ndi alendo ochokera kunja.

Epulo, sabata yoyamba, Lolemba

Tayamba lero. Mwa anthu 16 amene tinawaitana afika 14. Awiri a ku Kunthembwe atulukira dzuwa lili paliwombo, fumbi lokhalokha, akuti galimoto yam'mawa inawasiya. Alendo athu ndi awiri: mayi wina, dokotala wa ziweto wochokera ku Tanzania amene wakhala zaka zambiri akulimbana ndi chiwewe m'midzi yakwawo, ndi bambo wina wa mu labotale wochokera ku South Africa. Kumbali yathu kuli adokotala athu achitsikana omwe anamaliza ku Bunda, ndi ine woyendetsa zinthu, kunena kwake wothamangira magolovesi, mafomu ndi zakumwa.

Ndinatsegula ndi mbiri imene ena m'chipindamo akuidziwa kuposa ine. M'chaka cha 2012 madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth analemba za ana 10 amene anafa ndi chiwewe pachipatalapo m'miyezi yosakwana chaka. Nkhaniyo inamveka kutali. Mu Meyi 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto ndi a Blantyre SPCA, bungwe loteteza nyama ku nkhanza, linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda muno m'masiku 20 okha. Ena mwa ophunzira athuwa ndi amene ankagwira jakisoni nthawi imeneyo, ena ankakwera ndi maukonde m'tinjira ta ku Ndirande. Kubaya galu palibe wowaphunzitsa.

Vuto lili pena. Ndinawafunsa mmodzimmodzi kuti galu womaliza amene anamva kuti wachita chiwewe m'dera lawo anathera kuti. Wina anati anamuponya m'chimbudzi. Wina anati mu Mudi. Wina anati anamutentha ndi matayala. Wina anangoseka, akuti nkhaniyo anaimva patatha mwezi kwa akazi awo, iwonso ataimva kuchigayo. Pa anthu 14, amene anaperekezapo mutu wa galu mpaka ku labotale anali atatu. Ndiye tikamati chiwewe chachepa, chachepadi, kapena tangosiya kuchiona? Tinaweruka funsoli lili pabolodi, osalifufuta.

Lachiwiri

Tsiku la katemera wa ife eni. Munthu sayenera kukhudza ubongo wa galu wokayikitsa asanabayidwe yekha katemera womuteteza. Malangizo a WHO a 2018 amati kawiri, tsiku loyamba ndi tsiku la 7. Mnyamata wina wa ku Chilomoni, amene wabaya agalu osawerengeka, anatembenuza nkhope n'kutsinzina namwino asanang'ambe n'komwe paketi ya jakisoni. Tamuseka mpaka madzulo.

Lachitatu

Mayi a ku Tanzania anabwera ndi mavidiyo. Woyamba unali wa galu wolusa, dovu lili chuchuchu, kuluma waya, kuluma mwala, maso ali psu. Onse anagwedeza mitu, ameneyu ngakhale mwana amamudziwa. Wachiwiri unali wa galu wongofooka, chibwano chili lende, kulephera kumeza, osauwa bwino. Apa mpamene madala athu anakweza dzanja. Ndiziwatchula choncho m'zolemba zonsezi. Ndi mlangizi wamkulu pa onse, atsala pang'ono kupuma pantchito, ndipo anayamba nthawi imene ng'ombe zinkapita kudibi mokakamiza, mlangizi n'kumadziwa khola lililonse ndi mwini wake.

"Mayi," anatero, "galu wachiwiriyu kwathu kuno satchedwa wachiwewe. Amati watsamwidwa ndi fupa."

Anafotokoza kuti mwini galu akaona chibwano chili lende chonchija, chinthu choyamba ndi kumugwira n'kupisa dzanja m'kamwa kufuna kutulutsa fupalo. Dzanja lake ndi la munthu wogwira khasu kapena woswa miyala, ming'alu ndi timabala thoo. Chimodzimodzi ng'ombe: ikayamba kulira mosalekeza, dovu likutsika, amati yameza chitsononkho, ndipo amuna atatu amasinthana kupisa mkono mpaka m'chigongono. Anthu amenewa ukawafunsa kuti alipo walumidwa, amayankha ndi mtima umodzi kuti palibe, ndipo sakunama.

Mayi aja anaimitsa vidiyo, anatenga kope lawo n'kundipempha kuti ndiwalembere mawuwo m'Chichewa. Pafomu yathu yofufuzira tawonjezera funso limene silinalipo: ndani anapisa dzanja m'kamwa mwa chiwetocho? Fomuyi inabwera kuchokera kunja itakonzedwa bwino ndi anthu ophunzira kwambiri, koma funso ili linalibe.

Masana tinakambirana za masiku 10. Galu amayamba kutulutsa kachilombo m'malovu kutatsala masiku ochepa kuti adwale moonekera, ndipo akadwala sakhalitsa. Choncho galu woluma akamangidwa n'kumadya, kumwa, kusewera bwinobwino mpaka masiku 10, ndiye kuti tsiku limene ankaluma lija analibe chiwewe m'malovu. Kwa banja losauka zimenezi ndi nkhani yaikulu. Chovuta ndi kuwaletsa anthu kumupha galuyo tsiku lomwelo, ndipo akamupha amaphwanya mutu, chinthu chokhacho chimene ife tikuchifuna.

Lachinayi

Ndinalawirira 4 koloko kukagula mitu ya mbuzi kwa ophera nyama. Wogulitsa anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Bwana, mitu 8 yonseyi, kuli chinkhoswe kapena sadaka?" Ndinati kuli sukulu. Sanafunsenso.

Kale, kuti galu ayezedwe, mlangizi ankayenera kudula mutu wonse, kuuika m'ndowa, kufunafuna madzi oundana, kenako kukangana ndi kondakitala wa minibasi za fungo. Ku labotale ankachita kucheka chigaza ndi sowo. N'zosadabwitsa kuti mitu yambiri inkathera m'zimbudzi. Njira imene bambo a ku South Africa atisonyeza lero safuna zonsezo. Umaweramitsa mutu, chibwano chiloze pachifuwa. Umacheka khungu ndi mnofu kunkhongo, pamene chigaza chakumana ndi fupa loyamba la khosi, mpaka chibowo chodutsa msana wa ubongo chionekere. M'chibowomo umalowetsa kapaipi kapulasitiki konga komwera zakumwa, kukalozetsa kudiso, kukapotoza pang'ono, kukatsina kunsonga n'kukasolola. M'katimo mumatuluka tizidutswa ta tsinde la ubongo, kumene kachilomboka kamachuluka.

Gawo lina umasakaniza ndi timadzi tobwera ndi kachida koyezera, n'kudonthezera pa kachidako, kofanana ndi koyezera malungo kaja. Pasanathe mphindi 10 yankho laoneka. Mizere iwiri, chiwewe. Mzere umodzi, sikanaone kanthu. Gawo lotsala limalowa m'kabotolo ka giliserini wosakaniza theka ndi theka ndi madzi amchere a ku labotale, kuti lisaole paulendo wopita ku labotale yaikulu ya ziweto ku Lilongwe, kumene amatsimikiza ndi makina oonera tizilombo. Wina anafunsa ngati giliserini wodzola wa kumsika angagwire. Ayi ndithu, makamaka wonunkhira uja.

Mawu amene bambowo anabwereza mpaka tinatopa nawo ndi awa: mizere iwiri ikhulupirireni, koma mzere umodzi usakupangitseni kuuza banja kuti zonse zili bwino. Kachidaka nthawi zina kamaphonya. Ngati galu ankaoneka wokayikitsa, wolumidwayo apitirize katemera mpaka labotale itayankha.

Aliyense anayesa kawiri. Ambiri ulendo woyamba kapaipi kankatuluka kopanda kanthu chifukwa cholozetsa pansi kwambiri. Wodabwitsa ndi mnyamata woopa jakisoni uja: dzanja lake silinjenjemera, anatulutsa bwino ulendo woyamba womwe. Pomaliza wina ananong'ona kuti mitu yambuziyo si ndiwo kodi? Tinaikwirira yonse, iye akuyang'ana mwachisoni.

Lachisanu

Tsiku la mafoni, ndipo silinayende bwino. Lipoti lililonse likuyenera kutumizidwa kudzera pa pulogalamu ya pafoni imene imajambula malo enieni, chithunzi cha galu ndi cha kachida koyezera. Ndi chinthu chabwino, chifukwa malipoti akachuluka mapu amasonyeza okha kumene chiwewe chikuzungulira. Koma anthu anayi alibe mafoni otha zimenezi. Ya madala ndi ya mabatani, yomangidwa ndi mphira. Mlendo wina anati nthawi ya mapepala inatha. Ndinatsutsa mwaulemu. Mlangizi amene foni yake yatha moto ali ku Mdeka asasiye kulemba chifukwa choti pepala latha fasho.

Tagwirizana kuti opanda mafoni aakulu azilemba pafomu ya pepala ndipo tsiku lomwelo azindiimbira kapena kunditumizira uthenga wa zinthu zitatu: mudzi, chiweto, anthu angati akhudzidwa. Ine ndizilowetsa. Funso la bandulo, kuti azigula ndani ntchitoyi ikadzatha, aliyense analimva koma palibe analiyankha. Za alawansi zokha ndiye zinakambidwa mwamphamvu, pafupifupi ola lathunthu. Sindiwaweruza. Munthu amene amathira mafuta a m'thumba mwake m'njinga yamoto ya ntchito ali ndi chifukwa chowerengera.

Sabata yachiwiri

Alendo anyamuka dzulo pa Chileka. Atisiyira tizida toyezera 60, mabotolo, magalasi oteteza maso, ndi lonjezo loti tizikumana pa intaneti kamodzi pamwezi. Paja amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kapaipi kaja ndi kalumo kakuthwadi. Koma akuluakulu omwewo anatinso mlendo ndi mame.

Ndakhala ndikuganiza za mgwirizano wa mayikowu. Pamwamba zinthu zilipo zooneka. Kuli bungwe la WOAH loona za thanzi la nyama padziko lonse, limene kale tinkalitchula OIE, lokhazikitsidwa mu 1924, likulu lake ku Paris, kumene dziko lililonse lomwe ndi membala limayenera kunena matenda a ziweto amene lapeza. Kuli cholinga chimene WHO, FAO, WOAH ndi GARC (bungwe lolimbana ndi chiwewe padziko lonse) anagwirizana choti pofika 2030 pasapezekenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu, matenda amene akuti amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi Asia. Kuli labotale ya ku Onderstepoort ku South Africa imene mayiko a kuno amadalira pa nkhani za chiwewe. Zonsezi zimadya chinthu chimodzi: malipoti. Ndipo lipoti limene limafika ku Paris limayambira pa mlangizi amene wamva kuti galu waluma mwana ku Chirimba n'kusankha kupita kapena kusapita.

Ndakhalapo m'mawekishopu a kunyanja, chambo masana, satifiketi Lachisanu. Ena mwa masatifiketiwo ali pakhoma kunyumba ndipo sindingakuuzeni chimene ndinaphunzira. Chifukwa chake ndapempha kuti ntchitoyi tisaiyeze ndi chiwerengero cha ophunzitsidwa. Tiiyeze ndi zinthu ziwiri: masampulo angati afika ku labotale, ndiponso ngati anthu 14 awa angathe kuphunzitsa gulu lina popanda mlendo aliyense m'chipinda. Chachiwirichi tachiika mu Julayi.

Meyi, Loweruka loyamba

Katemera wa agalu wayamba m'masukulu a pulayimale. Ophunzira athu tawamwaza m'magulu kuti pobaya azilengezanso nambala yoimbira galu akaluma munthu. Monga mwa nthawi zonse, obweretsa agalu ndi ana. Wina wamanga ndi chingwe cha chitenje, wina ndi waya wa magetsi, wina wanyamula tiana tagalu tinayi m'beseni. Agalu onse amabayidwa, ngakhale tiana tating'ono. Wobayidwa amapakidwa penti pamphumi kuti owerenga akamadzazungulira adziwe ngati tafika pa agalu 70 mwa 100 aliwonse. Pochepera pamenepo chiwewe chimapezabe podutsa, ndipo poti agalu athu amabadwa ambiri n'kufa msanga, chaka chamawa ntchito imayambiranso.

Bambo wina anaima patali ndi galu wake wamkulu, akuti akabayidwa afooka, sadzauwanso akuba. Mtsikana wina mwa ophunzira athu sanatsutsane nawo. Anangowalozera galu wapenti amene panthawiyo ankafuna kudula chingwe kuti alume mnzake. "Ankolo, uyo tamubaya chaka chatha ndi lero. Akuoneka wofooka?" Anaseka n'kubwera naye.

Lachiwiri

Magetsi anazima usiku wonse ndipo furiji yathu m'mawa inali yofunda. Katemera amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Mtima unali m'mwamba. Ndinawalembera mayi a ku Tanzania, ndipo anandikumbutsa za kafukufuku wa kwawo wofalitsidwa mu 2016, amene anapeza kuti katemera wa agalu wa Nobivac, amene tikubayayu, anagwirabe ntchito atasungidwa miyezi 6 pa madigiri 25, ndiponso miyezi itatu pa madigiri 30. Adokotala athu anaona kachida kolemba kutentha, anaona kuti sikanadutse pamenepo, n'kulamula kuti mabotolo amenewo agwiritsidwe ntchito oyamba. Koma anachenjeza onse kuti izi ndi za katemera ameneyu yekha, wina asakayese pa katemera wa ng'ombe.

Meyi, sabata yachitatu

Nkhani yoyamba yeniyeni, ndipo ndilemba mwatsatanetsatane chifukwa tidzaigwiritsa ntchito pophunzitsa.

Lachitatu m'mawa wazaumoyo wina anaimbira mlangizi wathu kuti mwana wa zaka 7 walumidwa pakatumba kumtunda kwa Ndirande dzulo lake madzulo. Tinapita anayi: adokotala, madala, mlangizi wa deralo ndi ine. Galimoto tinaisiya pamsika, kwinako wapansi, kudumpha ngalande. Tinapeza mwana ali pamkeka ndi agogo ake aakazi, pabala atapaka zakuda. Anali atatentha ubweya wa galuyo n'kupaka phulusa lake. Galu anali ataphedwa kale. Ali kuti? Palibe akudziwa. Ngwa ndani? Palibe akudziwa.

Adokotala anatulutsa foni n'kuyamba mafunso a pafomu, limodzi ndi limodzi, mwadongosolo lake. Mayankho ankafupikirafupikira. Anthu amene anatizungulira anayamba kubwerera m'mbuyo. Ndinazindikira mochedwa kuti tinkaoneka ngati apolisi: anthu anayi achilendo, mabuti, foni yojambula.

Madala anakhala pansi pa njerwa, anavula chipewa n'kupempha madzi akumwa. Anawapatsa moni agogo aja bwinobwino, kufunsa kumudzi kwawo, ndipo zinapezeka kuti ndi a ku Chiradzulu, kufupi ndi Mikolongwe kumene madala anakhalako paunyamata. Anakambirana za nkhuku zakuda za ku Mikolongwe mwina mphindi zisanu, ine ndikuyang'ana wotchi. Kenako anati, "Agogo, ife sitinabwere kudzaweruza mlandu. Mlandu ndi wa amfumu. Ife tabwera kudzamufunsa galuyo."

"Galu wakufa amayankha?"

"Amayankha, agogo. Muona nokha."

Panali kaphokoso ka kuseka. Mayi wina amene anali chete nthawi yonseyi analoza ndi mlomo kuseri kwa bafa. Galu anali wa pakhomo pawo. Ankaopa kuti tiwalipiritsa kapena kuwatengera kupolisi. Anali atamukwirira kudzala, mwamwayi osazama, ndipo miyala inamuphwanya nthiti, mutu unali wabwino.

Mwana tinayamba naye: sopo ndi madzi oyenda mphindi 15, ngakhale kuti usiku unali utadutsa. Mphindi 15 ndi nthawi yaitali mwana akulira, zigubu ziwiri za pakiyosiki zinatha. Uku adokotala anavala magolovesi awiriawiri ndi magalasi, ana onse tinawathamangitsira kutali, ndipo anatenga sampulo monga tinachitira pa mbuzi. Madala anagwira ambulera kutchinga dzuwa. Mzere woyamba unatuluka. Wachiwiri unatsatira tisanathe n'komwe kupukuta mpeni, wakuda bwino. Madala anatenga kachidako n'kukawaonetsa agogo. "Wayankha."

Kenako anafunsa funso lawo lija. Kunali zii. Mnyamata wa zaka ngati 12, mwana wa mwini galu, anabisa dzanja kumbuyo. Masiku awiri m'mbuyomo galuyo ankalephera kudya ndipo iye anayesa kumutulutsa fupa. Pachala panali kabala kopyapyala ngati kodzicheka ndi udzu. Mayi akenso anathandiza kumugwira pakamwa. Tinabwera chifukwa cha munthu mmodzi, tinanyamuka ndi atatu.

Pachipatala choyamba katemera wa anthu kunalibe tsiku limenelo. Tinawakweza makabaza kupita kwina kumene anapezeka. Ndalama ya makabaza inatuluka m'thumba mwanga, chifukwa m'bajeti ya ntchitoyi muli mzere wa zakumwa za m'kalasi koma mulibe wa mayendedwe a wolumidwa. Ndalemba kalata kuti zimenezi zisinthe. Mawa lake gulu linabwerera kukabaya agalu onse a m'derali amene anaphonya katemera, ndipo sitinavutike kuitana anthu.

Pobwerera adokotala anali chete. Titafika pagalimoto anati, "Madala, zija za madzi akumwa zija ku Bunda sitinaphunzire." Madala anayankha kuti nawonso za kapaipi sanaphunzire kulikonse, ndiye palibe wangongole.

Juni, sabata yoyamba

Ntchito yaima. Nkhumba zikufa m'midzi ina chakumpoto kwa boma lino ndipo akukayikira chigodola, chimene chilibe mankhwala, ndiye alangizi asanu mwa athu aitanidwa kukaletsa kuyendetsa ndi kugulitsa nyama ya nkhumba. Sindingadandaule. Mlangizi yemweyo ndi wa ng'ombe, mbuzi, nkhumba, nkhuku ndi agalu, ndipo m'bandakucha amayenera kukhala pophera nyama kuyeza chiwindi ndi mapapo. Madokotala a ziweto m'dziko muno akhala ochepa kuyambira kale, chifukwa aliyense ankachita kukaphunzira kunja, ku Zambia, Tanzania, Zimbabwe ndi kwina. Oyamba ophunzira konkuno, ku LUANAR, anamaliza mu 2019. Zisintha, koma osati chaka chino.

Sabata yachiwiri

Ku Lilongwe atsimikiza za galu wa ku Ndirande. Onse atatu akupitiriza katemera, mlangizi wa deralo akumawakumbutsa tsiku lililonse lobayitsa.

Ku Bangwe galu wina analuma wogulitsa makala. Mlangizi anafika anthu atatola kale miyala, anawapempha kuti amumange. Wamuyendera tsiku loyamba, lachisanu ndi lakhumi, ali bwinobwino, akudya mikute. Mwini galu anamupatsa mlangiziyo nzimbe ziwiri. Lipoti lotere lilibe mizere iwiri yochititsa chidwi, koma kwa ine likulemera chimodzimodzi.

Sabata yachitatu

Ku Chirimba galu wosadziwika mwini analuma anthu awiri ndi mbuzi, n'kuphedwa. Kachida kanasonyeza mzere umodzi. Mtsikana wa "ankolo" uja ndi amene anayeza, ndipo anandiimbira mawu akunjenjemera: galu ankaluma chilichonse, koma kachida kakukana, awauze chiyani anthu? Ndisanayankhe anadziyankha yekha kuti apitirize katemera. Sampulo tinatumiza. Yankho labwera lero: chinali chiwewe.

Pamsonkhano wa pa intaneti wa mwezi uno, umene unaduka katatu, bambo a ku South Africa anaona chithunzi cha sampuloyo n'kunena kuti mwina kapaipi kanatenga mbali ya pamwamba ya ubongo, osati tsinde. Atipempha kuti tizijambula zimene zatuluka m'kapaipi tisanasakanize. Anaonanso kuti pa chithunzi china kachida kanawerengedwa patadutsa nthawi yaitali kwambiri. Zoona, mlangiziyo anavomera kuti anakasiya pamwala n'kupita kukasamba m'manja kumjigo. Mayi a ku Tanzania anatiuza kuti funso la kupisa dzanja m'kamwa alimasulira m'Chiswahili ndipo lili pafomu yawo tsopano. Ndinawauza madala. Anangoti, "Oho," koma madzulo ndinawamva akufotokozera mlonda.

Julayi, sabata yoyamba

Chiperoni chagwa, phiri la Soche silikuoneka. Gulu lachiwiri layamba Lolemba, anthu 12, ambiri a ku Lunzu, Lirangwe ndi Mpemba, kuphatikizapo azaumoyo atatu amene tawaitana dala chifukwa wolumidwa amayamba kufika kwa iwo. Mlendo palibe. Ine ndi adokotala tagwirizana kukhala kumbuyo n'kutseka pakamwa, chinthu chimene chikuwavuta adokotala kuposa ine.

Za zizindikiro waphunzitsa mtsikana wa ku Chirimba, ndipo nkhani ya mzere umodzi waifotokoza ngati munthu amene inamusowetsa tulo. Panali pamene anasokoneza masiku a katemera wa anthu, wazaumoyo wina n'kumukonza pomwepo, iye n'kuthokoza. Adokotala anali atadzuka kale theka pampando, ndinawakoka malaya.

Madala tawapatsa ola lathunthu pa mutu umene sunali m'ndondomeko ya alendo: kalowedwe ka pakhomo. Pokhala pati, woyamba kumulonjera ndani, foni ituluke nthawi yanji, mawu oti chiwewe atchulidwe liti, amfumu auzidwe motani kuti mwini galu asasanduke mdani wa mudzi wonse. Apuma pantchito mu Disembala, ndiye ndawajambula pafoni kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anakwiya pang'ono kuti sindinawauze kuti avale tayi.

Mwezi uno ndi wa katemera wa chitopa, wa I-2 wodonthezera m'diso uja, amene amaperekedwa mu Malichi, Julayi ndi Novembala. Odontheza nkhuku amalowa khomo lililonse, kumene ife sitifika. Mlangizi wa ku Lunzu wapereka ganizo loti tiwapatse kapepala ka nambala yathu ndi mawu atatu: tsukani bala, musaphwanye mutu, imbani. Tasindikiza 300 pa ndalama yotsala ya zakumwa.

Lachitatu

Tizida toyezera tatsala 41, ndipo pabokosi palembedwa kuti ntchito yake ithera mu Novembala. Kalata yopempha tina ndatumiza, ina yopempha kuti tiziikidwa m'bajeti ya chaka chamawa yapita kwa akuluakulu. Za bandulo sizinayankhidwebe. Njinga yamoto ya ku Kunthembwe yaduka tcheni.

Mawa ndi tsiku la kapaipi ndipo wophunzitsa ndi mnyamata wa ku Chilomoni. Wandiuza kuti ndisamuthandize, ndingobweretsa mitu. Ndamuimbira wogulitsa uja kuti andisungire 7. Akuti mitengo yakwera, sukulu yanuyo ikuoneka kuti ili ndi ndalama.